Tsiku Limene Agogo Anu Anadumpha Mpanda ku Mpopoma

Bwerani kuno nonse atatu. Iwe Sipho, foniyo ika m'thumba, magetsi kulibe, inatha moto kalekale, ukuyang'anamo chiyani, nkhope yako? Tamanda, kokera benchi kuno kumthunzi. Lindiwe, usayambe kuyasamula, sindinayambe n'komwe.

Ndakumvani m'mawa uja mukunong'onezana kukhitchini. Mumayesa ndine wogontha? Wogontha ndi uyo wakhala pansi pa mtengo wa mapichesiyo, osati ine. Ati kachipinda kakuseri kakanakhala ka Sipho, ati wakula sangamagonenso pabalaza, ati mayi wa ku Congo uja ndi ana ake akafune kwina poti si abale athu. Ha! Si abale athu! Khalani pansi ndikuuzeni za kachipinda kena kakuseri, ka ku Mpopoma, ndi tsiku limene agogo anu aamuna anadumpha mpanda ngati mbuzi yoona fisi.

Mukuseka? Eetu, madala omwewo, amene lero kuti adzuke pampando mpaka mawondo alire kaye. Leroli ndiwatchula dzina, Domingo, ngati mnyamata, poti makutu anatha ndi hamala, sandimva.

Dziko lino linali litangolandira ufulu, zaka zochepa chabe. Ine ndinali mtsikana, ndikusoka makolala a malaya pa fakitale ina ku Donnington, dera la mafakitale kuno ku Bulawayo. Iii, ana inu, Donnington ya masiku amenewo! Si iyi mukuiona lero ya mageti adzimbiri ndi udzu. M'mawa sayirini ikalira, njinga zinkatuluka m'malokeshoni ngati ngumbi mvula itagwa, mabelu ngirii ngirii, wina atapakira mkazi kumbuyo, wina buledi m'khwapa. Tinkakhala ku Mpopoma m'kanyumba ka khonsolo, ine, amayi anga Nabanda, ndi ababa anga a Phiri. Ababa anachokera ku Dedza ali mnyamata, ndipo ankanyamula katundu ku siteshoni ya sitima.

Tsiku lina madzulo tinangoona ababa akulowa pageti akukankha njinga, pambuyo pawo pali munthu. Munthu wake! Wowonda ngati bango, tsitsi lofiira ndi fumbi, kumapazi nsapato za tayala, ina yomanga ndi waya.

"Nabanda, teleka madzi," anatero ababa. "Ndatola mwana wakwathu."

"Wakwanu uti, bambo, poti abale anu ndimawadziwa onse?"

"Wa kutsidya kwa msewu."

Inu simunafikeko, ndiye mverani. Kwawo kwa ababa malire ndi msewu basi. Uku ndi Malawi, ukawoloka uli ku Mozambique, dera la Angonia. Chilankhulo chimodzi, msika umodzi, maliro amalirira limodzi. Domingo anali wa kumeneko. Nkhondo inafika m'mudzi mwawo, nyumba zinapsa, aliyense anathawira kwake, ndipo za makolo ake sanamvenso. Anayenda pansi, kwina pa lole, kwina atabisala m'bogi ya malasha, kufuna amalume ake amene ankamveka kuti ali ku Bulawayo. Amalumewo palibe anawadziwa. Ababa anamupeza pa siteshoni akupempha madzi m'Chichewa, anthu akungomudutsa osamva chimene akunena.

Koma Chichewa chake, ana inu! Chenicheni, chonona. Ife obadwira kuno tinkayamba mawu m'Chichewa, pakati Sindebele, kumaliza ndi Chingerezi, monga muchitira inumu, kungoti inu mwanyanya. Iye atalandira kapu ya madzi anagwada, nkuwomba m'manja, nkuti, "Zikomo, mayi, mwandiombola." Amayi misozi inalengeza. Ine ndinathawira kuseri kukaseka nsapato zija. Taonani kumene kuseka kunandifikitsa.

Kuseri kwa nyumba kunali kachipinda ka malata kosungiramo njinga, malasha ndi nkhuku. Amayi anatulutsa nkhuku, anasesa, anawaza madzi, nkuyala mphasa ndi bulangete la ababa. Nkhukuzo zinakwiya kwa mwezi wathunthu, dzuwa likamalowa zinkaima pakhomo kumuyang'ana.

Ababa sanali munthu wobisa zinthu. Anamutengera kutauni ku ofesi yolembetsa othawa nkhondo. Kumeneko anamupatsa kapepala konena kuti nkhani yake ikudikira, nkumuuza zinthu ziwiri. Choyamba, munthu wodikira saloledwa kulembedwa ntchito. Chachiwiri, malo a anthu ngati iye ndi kumsasa, kutali kum'mawa, pafupi ndi malire, kogona m'matenti ndi kulandira ufa pamzere. Anati akapezeka kuti alibe pokhala povomerezeka, galimoto idzamutenga.

Pobwera Domingo anakhala pamwala. Kenako anati, "Bambo, kumeneko mfuti zimamveka. Ndayenda mtunda wonsewu kuti ndisazimvenso. Ndikabwererako ndipenga misala."

"Sudzapita," anatero ababa. Koma ndinaona kuti nawonso mtima unali m'mwamba, pakuti nyumba sinali yathu, ndipo lamulo la khonsolo linkati m'nyumbamo mukhale banja la mwini lendi ndi loja, wobwereka chipinda, wokhala ndi chitupa, basi.

Ntchito anayesa ndithu, lamulo kapena ayi, munthu wamwamuna sangamangodya za eni. M'mawa tinkapitira limodzi ku Donnington, iye nkumaima pageti ndi anzake ofuna ntchito. Folomani akatuluka nkumaloza, iwe, iwe, iwe. Akafika pa Domingo, "Situpa?" Iye nkutulutsa kapepala kaja. Folomani nkupukusa mutu. Geti lina chimodzimodzi, lina chimodzimodzi, mpaka nsapato za tayala zija zinatheratu.

Ndiye tsiku lina anabwera atasenza zidutswa za malata ndi zitini za penti zotayidwa kuseri kwa mafakitale. Kani munthuyu anali mmisiri wa ndowa! Ababa anamupezera chidutswa cha njanji chosulirapo, hamala, ndi sizasi yodulira malata. Basi, Mpopoma yense anadziwa kuti kwa a Phiri kwabwera munthu. Kho! Kho! Kho! Kuyambira m'mawa. Ndowa, mabeseni, mbaula, zothirira ndiwo kudimba, tinyale ta koloboyi. Inu mukudziwa mapulasitiki anuwa, ogula lero mawa ang'aluka. Ndowa ya Domingo inkapinda m'mphepete bwinobwino, osadontha ngakhale dontho. Iyo mumachapira ija ndi yake, ndi yakale kuposa amayi ako, Sipho, ndipo sinadandaulepo msana ngati iwo.

Azimayi ankabwera ndi mapoto obooka, ena ndi dzira, ena ndi mtolo wa chomoliya, ena ndalama. Iye Sindebele sankadziwa, koma poto wobooka safuna womasulira. Zonse ankapereka kwa amayi. Amayi anamukonda kuposa ine mwana wawo wobala. Ankadyera kukhitchini pafupi nawo, akuwathandiza kusadzula ndiwo, akuwasimbira za kumudzi. "Mwana wanga Domingo" ili, "mwana wanga Domingo" ilo. Ine nsanje!

Koma panali mmodzi wosakondwa, NaThabani, mayi wa nyumba yoyandikana nayo. Mwamuna wake ankagwira ntchito ya ulonda, ankagona masana. Munthu angagone bwanji ndi kho kho kho kumutu? Ndiye NaThabani anakanena ku ofesi ya nyumba kuti kwa a Phiri kuli mlendo wosalembedwa. Sindimuda, mzimu wake uuse mumtendere, pambuyo pake ndiye anaphika mpunga pa ukwati wanga.

Eya, Tamanda, wamva mawu akuti ukwati maso ayera. Dikira. Ine ndinkamutolera tizidutswa ta malata pochokera kuntchito, ati kuthandiza mlendo. Iye anandipangira kachitini konyamulira chakudya, pachivundikiro atagoba kaduwa ndi msomali. Atsikana a kufakitale atakaona anakuwa. Masiku amenewo kunalibe zotumizirana timitima pafoni. Munthu akakugobera duwa pa lata, unkadziwa kuti nkhani yakula. Atandifunsira, tili pamsewu wobwerera kunyumba, ndinayang'ana pansi nkuti, "Kaonaneni ndi amalume."

Kwathu mwana wamkazi mwini wake ndi malume, mlongo wa amayi ake. Sufunsira kwa bambo, ndipo mtsikana satsegula pakamwa pake kuuza makolo. Domingo anabwereka jekete, nkupita Lamulungu ku Makokoba kwa amalume a Gamaliyele. Amalume anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkuti, "Ndamva. Ndibwera kumapeto kwa mwezi ndidzauze mlongo wanga ndi alamu. Kufikira tsikulo, pakamwa potseka."

Tsono apa ndi pamene panagona nkhani. Domingo anakulira kumudzi, mwambo anaudya ndi mchere. Kumeneko mkamwini saonana maso ndi maso ndi apongozi ake aakazi. Sadya pamaso pawo, sakhala nawo pamodzi, akakumana panjira amapatukira kutchire. Ndi ulemu umenewo, waukulu zedi. Ndiye kungochoka kwa amalume, mumtima mwake amayi anga anasanduka apongozi. Amayi akatulukira kukhomo lakumaso, iye ali kuseri. Akapita kuseri, iye wazungulira. Akamuitana kudzadya, ayankhire m'kachipinda, "Ikani pomwepo, ndidya."

Amayi osadziwa kanthu anavutika mtima. "Esinati, kodi mwana uja ndamulakwira chiyani? Kapena ndiwo zikuchuluka mchere?" Ine ndinkangoluma milomo. Anachepetsa mchere, anamuphikira thelele la kwawo, anamugulira sopo wonunkhira. Munthu ali phee, akungozemba.

Uthenga unabwera woti Loweruka kubwera mabalane, ndiye kuti kalaliki, wa ku ofesi ya nyumba kudzaona mlendoyo. Ababa anamukhazika Domingo pansi. "Mvera, mwana wanga. Anthu awa akaona munthu akuthawa amati ndi wakuba. Zivute zitani, usadzuke pampando. Ukhale, uyankhe, basi. Wamva?"

"Ndamva, bambo. Ngakhale abwere ndi agalu, sindidzuka."

Loweruka dzuwa lili pamutu galimoto inaima pageti. Munatuluka bambo wamtali wamandala, Mndebele, ndi apolisi a khonsolo awiri. Ababa anaika mipando pabwalo, pakati pa khoma la nyumba ndi mpanda wa zitsamba wotilekanitsa ndi NaThabani. Domingo anakhala mu jekete lobwereka lija, manja pamawondo, nganganga ngati wojambulitsa. Ine anandiika pambali kuti ndizimasulira.

Ndipo anayankha bwino, ana inu, ndinanyada! Dzina, kwawo, m'mene anayendera. Mabalane anatenga ndowa imodzi, anaitembenuza, anaigogoda ndi chala, nkugwedeza mutu. Anati kapepala aka si chitupa, loja sangalembedwe nako, ndipo mwa lamulo munthuyu ayenera kupita kumsasa. Koma mawu ake anali ofewa. Anati, "Baba Phiri, mwina ndingakanene kuti tidikire kaye." Mtima wanga unayamba kutsika.

Pamenepo ndi pamene amayi anatulukira pakona ya nyumba.

Anali atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, m'manja thireyi, makapu a maluwa amene sitinkawakhudza n'komwe. Ndipo anali atatsimikiza mumtima kuti lero, pamaso pa alendo, agwirizana ndi mwana wawo. Anadutsa mabalane, anadutsa ababa, nkulunjika kwa Domingo, nkugwada patsogolo pake penipeni, nkumuyang'ana m'maso. "Landira tiyi, mwana wanga."

Mayo ine! Ndinaona nkhope ya Domingo ikusintha. Anayang'ana kumanzere, khoma. Kumanja, apolisi. Kutsogolo, apongozi atagwada, maso ali pa iye. Munthu amene analonjeza kuti sadzuka ngakhale kubwere agalu! Ndinangoona mpando uli gada, jekete lili m'mwamba, munthu wadutsa pamwamba pa mpanda, uyo, m'dimba la NaThabani!

Wisulo inalira. Apolisi pambuyo. Nkhuku kokoliko mbali zonse, ana a mumsewu akukuwa, mwamuna wa NaThabani watuluka ndi bulangete akufunsa ngati nkhondo yayambanso. Domingo sanapite patali. Anakodwa pa waya woyanikira zovala, nkugwa atakulungidwa ndi nsalu ya pabedi ya eni ake. Anamubweretsa atamugwira uku ndi uku, masamba a chomoliya ali kumutu.

Inu mukuseka, koma ine tsiku limenelo sindinaseke. Mabalane anali atavula mandala, nkhope itauma gwa. "Munthu wosalakwa sathawa," anatero. "Baba Phiri, mwandinamiza. Mukwezeni m'galimoto."

Ababa anapempha, anawomba m'manja, koma nawonso sankamvetsa. Amayi ali chigwadire ndi thireyi, akulira. Ndipo Domingo, atamugwira choncho, anali atapotoza khosi kuti asawayang'ane, maso ali pansi.

Mabalane anatembenukira kwa ine. "Mufunse komaliza. Wathawiranji?"

Ndinamufunsa. Anandinong'oneza, "Amalume sanabwere. Sindinganene."

Tamvani munthu! Galimoto yatsegulidwa chitseko, msasa ukumudikira, mfuti zimene anazithawa zikumudikira, iye ali pa mwambo! Ndinapsa mtima, ndinachita mantha, ndinamukonda, zonse nthawi imodzi. Ndinadziwa kuti akakwera galimoto ija sindidzamuonanso. Ndipo ndinadziwanso kuti mtsikana wolengeza yekha ukwati wake pamaso pa bambo ake, pamaso pa apolisi ndi msewu wonse, adzamunena mpaka ku Luveve. Koma ndinaimirira, nkunena m'Sindebele, mokweza kuti aliyense amve.

"Baba, munthuyu sakuthawa inu. Akuthawa amayi anga. Ndi mkhwenyana."

Mkhwenyana, Lindiwe, ukudziwa, ndiye mkamwini.

Amayi ndiwo anayamba kuzindikira. Anayang'ana ine, anayang'ana msana wa Domingo, anakumbukira mchere uja ndi sopo uja. Anaika thireyi pansi, anakoka chitenje nkudzifunda kumutu, nkudzuka, liwiro kuthawira kuseri kwa nyumba! Ali kuseriko tinangomva nthungululu, lululululu! Tsopano othawa anakhala awiri.

NaThabani, amene anali atasuzumira pampanda, anaseka mpaka kukhala pansi. "Hawu, bakithi! Ndimayesa ndaneneza wakuba, kani ndi mkwati!" Wapolisi wina anamusiya Domingo mkono. Mabalane anayesa kuumitsa nkhope koma mapewa ankagwedezeka. Anati nayenso, ndi ukulu wake wonse, sanadyepo pamaso pa amayi a mkazi wake, ndipo tsiku lina anabisala kuseri kwa basi powaona kutauni.

Koma ine maso anga anali pa ababa. Sanaseke. Anandiyang'anitsitsa.

"Esinati, amalume ako akudziwa?"

"Akudziwa, ababa. Anati abwera kumapeto kwa mwezi."

"Anapita yekha kukawaona?"

"Yekha. Ndi jekete lomweli."

Ababa anapuma mpweya waukulu. Anapita kwa Domingo, anamuchotsa tsamba la chomoliya kumutu, nkuti, "Ndiye ndi mkamwini wanga."

Mabalane anavala mandala. Anati zonsezo wamva, koma mkhwenyana amapereka ng'ombe, nkutenga mkazi kupita naye kwawo. Sakhala kuseri kwa nyumba ya apongozi.

"Kumeneko ndi kwanu, mwanawe," anatero ababa. "Kwathu ng'ombe sitilandira. Mwamuna ndiye amasamuka, amabwera kwa mkazi, amamanga pakhomo pa apongozi, amawagwirira ntchito. Uyu wakhala kale pamalo pake. Akachoka pano ndiye kuti mwambo wasweka."

Mabalane anapukusa mutu. "Inu a ku Nyasa! Mwana wamkazi mwaulere, ndi nyumba yomwe?" Anaganiza pang'ono, kenako anati lamulo likunena za banja la mwini lendi, ndipo mkhwenyana ndi banja, zimenezo sangatsutse. Anati amulemba choncho, koma ukwati uchitike msanga ndipo umboni wa kutchalitchi ukafike ku ofesi. Za ndowa anati munthu wodikira saloledwa kulembedwa ntchito, koma iye sanaone fakitale pano, waona mkamwini akukonza mapoto a apongozi ake. Anangoti hamala izidikira kaye mlonda adzuke. Tiyi uja anamwa atazizira, ndipo ndowa imene anaigogoda ija anaigula.

Galimoto inapita yopanda munthu kumbuyo. Ana inu, ndinavina! Pabwalo pomwepo, ndi manyazi anga onse, ndinavina.

Amalume a Gamaliyele atamva anabwera akufuka utsi, ati nkhani yawo yalengezedwa ndi mwana pamaso pa apolisi. Anatilipiritsa nkhuku. Tinapereka tambala mmodzi mwa zija zinathamangitsidwa m'kachipinda, ndipo ndikhulupirira anafa akumudabe Domingo. Kuthawana ndi amayi kunapitirira mpaka nditabereka Rute, amayi ako Sipho. Pamenepo amayi anamuphikira, nkumuitana kuti adye pamaso pawo, manyazi nkutha. Mapepala ake enieni anatenga zaka, koma anabwera, ndipo analembedwa ntchito ku Donnington komweko, pa geti lina mwa aja anamubweza.

Nkulumane, lokeshoni yathu ino, ankamangidwa kumene masiku amenewo, kuno kunali minga ndi fumbi. Atatipatsa nyumba ino inali kachigoba chabe, zipinda zina womanga wekha. Ine ndinkafuna chipinda chogona, ndinali nditatopa ndi kugona pabalaza ndi ana. Agogo anu anagula njerwa, ndinasangalala. Pobwera kuntchito ndinapeza akukumba maziko kuseri, kutali ndi nyumba.

"Bambo a Rute, chipinda chathu mukuchimanga kumeneko?"

"Ichi si chathu," anatero. "Chathu chidikire. Pa siteshoni pali wina akupempha madzi."

Tinakangana, musaganize kuti ndinangovomera. Koma anamanga, ndipo ife tinagonabe pabalaza chaka china chonse, Sipho, pomwe ukudandaula iwepo. Mwadutsa anthu ambiri m'kachipindako, ena mayina ndinaiwala. Mayi wa ku Congo uja kapepala kake ndi konga kaja ka agogo anu, kongoti dikirani, ndipo tsitsi limene amaluka pakhondepo ndiyo hamala yake.

Ndiye mukati si m'bale wathu, ndikufunseni, Domingo anali m'bale wa yani tsiku lija pa siteshoni? Amayi anga akanakonda nkhuku zawo, inu atatu mukanachokera kuti? Mphuno yakoyo, Lindiwe, inagona pa mphasa m'kachipinda ka malasha.

Taonani, agogo anu adzuka, akutiyang'ana, akudziwa kuti tikuwanena. Sipho, pita ukawauze pafupi ndi khutu kuti ukufuna kachipinda kawo kakuseri. Pita, ukuopa chiyani? Ayi? Chabwino. Ndiye tenga ndowa iyo, madzi abwera pampopi, utunge ukapereke kwa amayi a kuseriko. Ndipo ukafika pakhomo unene odi, ndi pakhomo pa eni.